Kukhala solicitor ku England mutakula kale komanso muli pantchito

Funso ili landipeza kambirimbiri, pa WhatsApp, tikaweruka ku tchalitchi, ngakhale pa misonkhano yosonkherana za maliro. Wofunsa amakhala munthu wamkulu ndithu, wa zaka za m'ma 40 kapena kupitirira apo: namwino, mphunzitsi wakale amene pano ali pantchito ya care, kapena bambo amene anagwirapo m'boma kumudzi. Amayamba ndi kudzichepetsa, "Mwina ndachedwa, komabe mtima wanga uli pa zauloya." Yankho lake ndi lalitali, ndiye ndalilemba pano kamodzi kuti wina akadzafunsanso ndizingomutumizira.

Za msinkhu tithane nazo pompano. Bungwe loyang'anira ma solicitor ku England ndi Wales, Solicitors Regulation Authority, limene aliyense amangoti SRA, silinaike malire a zaka. Anthu akuluakulu ambiri amagwa chifukwa choyambira kumapeto. Amathamangira kulipira kosi ya mapaundi zikwizikwi, n'kudzazindikira mochedwa kuti alibe wowasainira zaka ziwiri za ntchito ya zamalamulo zimene SRA imafuna. Choncho werengani mpaka gawo 4 musanatulutse khadi la kubanki.

1. Tsimikizani mtundu wa loya ndi dziko lake

Kwathu loya ndi mmodzi yemweyo. Amakulandirani mu ofesi, amalemba zikalata, mawa lake wavala mkanjo ali pamaso pa jaji. Kuno ntchitoyi anaigawa pawiri. Solicitor ndi amene amakhala ndi kasitomala kuyambira tsiku loyamba: amalemba makalata ndi mapangano, amayendetsa zogula nyumba, za chuma chamasiye, za makampani, ndipo amaimanso m'makhoti ang'onoang'ono. Barrister ndi katswiri wolankhula m'khoti. Ali ndi bungwe lake la Bar Standards Board, ndipo malo ophunzirira ntchitoyo, amene amati pupillage, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi owafuna. Munthu wa lendi, ana ndi abale odikira kangachepe mwezi ukatha, njira imene ingamulole kuphunzira uku akugwira ntchito ndi ya solicitor.

Amene muli ku Glasgow, Edinburgh kapena Aberdeen, paja Amalawi kumeneko aliko ndithu, dziwani kuti Scotland ili ndi malamulo akeake ndi bungwe lake, Law Society of Scotland. Northern Ireland nayonso ili payokha. Zimene ndikulemba panozi zimakupangani solicitor wa England ndi Wales basi.

Njira ya masiku ano ndi Solicitors Qualifying Examination, mwachidule SQE, ndipo inayamba mu September 2021. Imafuna zinthu zinayi: digiri ya phunziro lililonse kapena china chofanana nayo, kukhoza mayeso a SQE1 ndi SQE2, zaka ziwiri za ntchito ya zamalamulo, ndi mbiri yabwino. Mukamva wina akukamba za LPC, akunena njira yakale. Imeneyo inatsalira okhawo amene anali atayamba kale maphunziro a zamalamulo pofika 2021, ndipo nawonso ali ndi mpaka pa 31 December 2032. Ngati mukuyamba lero, musaponye ndalama zanu kumeneko.

2. Tsimikizitsani digiri yanu tsopano

SRA siifunsa digiri ya zamalamulo. Ya unamwino, ya uphunzitsi, ya ulimi ku Bunda, ya akaunti ku Poly, zonse zikhoza kulowa malinga zifike pa mlingo umene kuno amati Level 6, ndiye kuti digiri yoyamba ya yunivesite ya ku UK. Digiri yochokera kunja amaifufuza kuti aone ngati ndi yeniyeni komanso ngati ikufika pa mlingowo. Tsegulani akaunti ya mySRA pa intaneti, chifukwa zonse zanu zizidutsa pamenepo, ndipo yambitsani kafukufukuyu lero.

Msampha uli apa: mayeso amakulolani kulemba digiri isanatsimikizidwe. Amadzaifuna kumapeto, popempha kulowa m'kaundula. Ndiye munthu akhoza kuvutika zaka zinayi, n'kudzauzidwa kuti pepala lake silikukwana. Kutenga transcript kumudzi uli kunja kuno kumatenganso nthawi, ndipo amayi amene munasintha dzina mutakwatiwa, kapena aliyense amene dzina la pa digiri likusiyana ndi la pa pasipoti ngakhale ndi chilembo chimodzi, konzeranitu umboni wake.

Ngati muli ndi dipuloma chabe, mungathe kuikweza kukhala digiri, ndipo Open University imaphunzitsa anthu ali pantchito. SRA imalolanso kupempha kuti luso limene mwapeza pantchito aliwerenge ngati lofanana ndi digiri, koma pamafunika umboni wochuluka. Palinso CILEX, njira ina yokhalira loya wa nthambi imodzi ya malamulo, yosafuna digiri poyamba ndipo inakonzedwera anthu ogwira ntchito. Munthu wopanda digiri amene zaka zapitako, ine ndimamuuza kuti ayang'ane CILEX mofatsa asanaikane chifukwa choti dzina lake silimveka kumudzi.

Amene munali kale maloya ovomerezeka ku Malawi kapena ku Zambia, nkhani yanu ndi ina. Zaka ziwiri za ntchito sakufunsani, ndipo mukhoza kupempha kuti musalembe SQE2 ngati muli ndi umboni wa ntchito imene mwagwira. SQE1 yokha konzekerani kukumana nayo.

3. Unikani mbiri yanu ndi viza yanu

Aliyense asanalowe m'kaundula, SRA imafufuza mbiri yake. Amaona milandu ya kupolisi, kuphatikizapo chenjezo lija amati caution, limene ambiri amaliyesa kuti si mlandu. Amaona ngongole zimene zinakafika kukhoti n'kutuluka chigamulo chokulamulani kubweza, chimene amati CCJ. Amaona ngati munagwidwapo mukubera mayeso kapena kukopera ntchito ya wina ku yunivesite. Anamwino, ngati NMC, bungwe loyang'anira anamwino, inakupezanipo olakwa, muyenera kuulula. Kukhala ndi chimodzi mwa izi sindiye kuti zathera pomwepo, koma kubisa ndi kumene sakhululuka msanga. Ubwino wake mukhoza kupempha kuti akuunikeni msanga, musanayambe n'komwe maphunziro. Ngati pali kanthu kamene kakukudyani mumtima, chitani zimenezo mudziwiretu pamene muli. Amene mwabwera posachedwa, a SRA adzakufunsaninso chikalata cha kupolisi cha dziko limene munkakhala, koma icho mudzatenga nthawi ikayandikira chifukwa amafuna chatsopano.

Za viza. Amene muli pa Health and Care Worker kapena Skilled Worker mumaloledwa kuphunzira komanso kugwira ntchito yongodzipereka. Koma viza yanu inamangiriridwa kwa bwana amene anakuitanitsani. Simungangosiya ntchito n'kukalowa mu ofesi ya maloya, ndipo maofesi ang'onoang'ono ambiri alibe chilolezo choitanitsa anthu akunja. Ntchito yowonjezera yolipidwa ili ndi malire a maola 20 pa sabata, si mtundu uliwonse wa ntchito, ndipo malamulo ake akhala akusintha pafupipafupi. Funsani mlangizi wovomerezeka musanasaine kalikonse.

Pomwepa ndichenjeze za chinthu chimene chingathetse ulendo wonse. Zikangomveka pagulu lathu kuti mukuphunzira zamalamulo, anthu ayamba kubwera ndi mapepala a Home Office, "Achimwene, tandionereniko izi." Ena adzafuna kukupatsani kangachepe. Kupereka uphungu wa zolowa ndi kutuluka m'dziko ngati ntchito, musanavomerezedwe, ndi mlandu pansi pa lamulo la Immigration and Asylum Act 1999, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi, limene kale linkatchedwa OISC, pano ndi Immigration Advice Authority. Kudzitcha solicitor musanalowe m'kaundula nakonso ndi mlandu. Akanizeni mwaulemu, muwalozere kwa wovomerezeka.

4. Pezani wokusainirani zaka ziwiri

Apa ndiye pali nkhani yonse, ndipo ndi pamene otsatsa makosi amadutsa mothamanga chifukwa sapindulapo kanthu. Zaka ziwirizi amazitcha Qualifying Work Experience, mwachidule QWE. Lamulo lake likamawerengedwa limaoneka lofewa. Mukhoza kuzipeza musanalembe mayeso, muli mkati mwake, kapena mutakhoza. Mukhoza kuzisonkhanitsa m'malo osapitirira anayi. Ntchito ikhoza kukhala yolipidwa kapena yongodzipereka, ya kuno kapena ya kunja, ndipo ngakhale imene munagwira zaka zapitazo imawerengedwa.

Tsopano tengani cholembera. Zaka ziwirizo ndi za munthu wogwira sabata yathunthu. Ngati mukudzipereka tsiku limodzi pa masiku asanu, muzikwanitsa patatha zaka 10. Masiku awiri ndi theka pa sabata, zaka zinayi. Ambiri amene amandiuza kuti "ndizipita ku law clinic Loweruka lililonse" sanawerengepo zimenezi (law clinic ndi malo opereka uphungu wa zamalamulo waulere). Kudzipereka ndi khomo lolowera, kumakupatsani chokamba pa intavyu, koma tsiku lina mudzayenera kuti ntchito ya zamalamulo ikhale ntchito yanu yeniyeni, kaya masiku atatu kaya asanu pa sabata.

Wosaina ayenera kukhala solicitor wa England ndi Wales, kapena mkulu woona zotsata malamulo mu kampani ya maloya, amene amati COLP. Manejala wanu wa kuwodi sangasaine. Barrister wamba sangasaine. Loya wa ku Blantyre sangasaine pokhapokha ngati nayenso ali m'kaundula wa SRA. Solicitor wa kunja kwa bungwe lanu akhoza kusaina, koma ayenera kuti waona ntchito yanu ndipo wamva kuchokera kwa amene ankakuyang'anirani.

Ambiri amaopa kupempha chifukwa amaganiza kuti akusenzetsa munthu katundu wolemera. Dziwani zimene wosainayo amatsimikiza. Amatsimikiza nthawi imene munagwira, kuti ntchitoyo inakupatsani mwayi wophunzira maluso osachepera awiri mwa amene ali pa mndandanda wa SRA wotchedwa Statement of Solicitor Competence, komanso kuti sanaonepo vuto pa khalidwe lanu. Sakulumbira kuti ndinu katswiri, zimenezo amayesa ndi mayeso a SQE2. Ma solicitor ena achikulire, amene anadutsa njira yakale, sadziwa bwino zimenezi, ndiye mukawafotokozera modekha n'kuwatumizira tsamba la SRA, mantha awo amachepa.

Nanga ntchitoyo muipeza kuti? Musayambe ndi makampani akuluakulu a ku London amene amalandira mafomu zikwizikwi a ana ongochoka ku yunivesite. Yambani ndi zimene muli nazo kale m'manja. Namwino amadziwa kuwerenga mafayilo a kuchipatala kuposa loya wachinyamata aliyense, ndipo maofesi oyendetsa milandu ya kunyalanyaza kwa achipatala amafuna anthu otero. Wa care amene wakhala zaka akugwira ndi anthu odwala matenda oiwala amadziwa Mental Capacity Act 2005 ndi Care Act 2014 pogwira ntchito, ndipo zimenezi ndizo chakudya cha tsiku ndi tsiku cha maloya a ku Court of Protection, khoti loona za anthu amene sangathe kudzipangira okha zisankho. Mphunzitsi ayang'ane milandu ya ana ofunika thandizo lapadera kusukulu. Wa akaunti ayang'ane za misonkho ndi makampani ogwa. Onaninso mkati mwa bungwe limene mukugwiramo: ma NHS trust, makhonsolo, mabungwe a nyumba ndi makampani aakulu amakhala ndi dipatimenti ya zamalamulo, ndipo kusamukira kumeneko muli wa m'nyumba momwemo n'kosavuta kusiyana ndi kugogoda kunja. Kwa oyamba kumene, ma law centre, Citizens Advice ndi ma law clinic a mayunivesite ndiwo makomo odziwika. Dzina la ntchito limene muzifufuza kwambiri ndi paralegal, wothandizira loya.

Musanavomere malo alionse, funsani mafunso awiri. Kodi pano pali solicitor amene aziona ntchito yanga? Kodi ali wokonzeka kutsimikiza QWE yanga kwa SRA? Funsani tsiku loyamba, ndipo akavomera pakamwa, lembani imelo yothokoza yobwereza zimene mwagwirizana. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ma solicitor amasintha ntchito, maofesi amatsekedwa, ndipo kusakasaka munthu patapita zaka zitatu kuti akumbukire zimene munkachita ndi ntchito yowawa. Mukamachoka pamalo, lembetsani nthawiyo pa mySRA sabata yomweyo, wosainayo atsimikize akadakukumbukirani.

Ntchitoyo ikhale yothandizadi makasitomala pa zamalamulo: kufunsa kasitomala, kufufuza lamulo, kulemba kalata ya uphungu, kukonza zikalata za kukhoti. Kuyankha mafoni ndi kupanga fotokope chaka chonse sikuwerengedwa, ngakhale pakhomo palembedwe dzina la maloya. Zoyeserera za m'kalasi nazonso ayi. Sabata iliyonse lembani zimene mwachita ndi luso limene zikugwirizana nalo. SRA ili ndi fomu yachitsanzo yolembamo. Osalembamo mayina a makasitomala, ndipo nkhani zawo zisafike pagome la nsima kunyumba, makamaka ngati kasitomalayo ndi wakwathu.

Samalani ndi malo anayi aja. Si ntchito iliyonse imene muyenera kulembetsa. Masabata awiri amene munakaonerera mu ofesi ina asakudyereni malo amodzi.

Kunena mosapsatira, malipiro atsika. Paralegal woyamba kumene kawirikawiri amalandira zochepa kuposa namwino wa mashifiti a usiku ndi ovataimu. Njira imene ndaona ikuyenda ndi kuchepetsa masiku pantchito yakale m'malo moisiyiratu, kapena kusiya koma n'kumatenga mashifiti apo ndi apo, amene amati a bank, kumapeto kwa sabata. Nkhaniyi mukambirane ndi akunyumba kwanu musanayambe, ndipo kumudzi muwauziretu kuti kwa zaka ziwiri kapena zitatu zotumiza zichepa. Kuwauza mochedwa kumabala mawu.

Chomaliza pa gawoli: QWE yotolatola, miyezi itatu apa, isanu apo, ikhoza kukupatsani dzina la solicitor koma osakupatsani ntchito. Olemba ntchito amafunsa kuti ndi milandu yanji imene mwayendetsa nokha. Yesetsani kuti chaka chimodzi mwa ziwirizo chikhale malo amodzi, m'nthambi imene mukufuna kudzakhazikikamo.

5. Werengani ndalama, kenako sankhani kosi

Fizi ya mayeso okha inali £3,980 mu 2021. Pofika September 2024 inali £4,790, ndiye kuti £1,888 ya SQE1 ndi £2,902 ya SQE2, ndipo ikumka nikwera. Mukalephera mumalipiranso. Pamwamba pake onjezani kosi, mabuku, thiransipoti, malo ogona a nthawi ya mayeso, ndi malipiro a masiku amene mudzapume kuntchito.

SRA siikakamiza kosi iliyonse. Koma munthu amene sanaphunzirepo zamalamulo, kulowa SQE1 ndi mabuku okha ndi kutaya fizi. University of Law, BPP, BARBRI ndi College of Legal Practice ndi ena mwa odziwika, ndipo ali ndi makosi a pa intaneti a anthu ogwira ntchito. Ena amayamba ndi PGDL, kosi yosinthira ku zamalamulo, ena amatenga kosi yaitali ya SQE1 yokonzedwera oyamba kumene. Pofunsa musatengeke ndi zithunzi. Funsani kuchuluka kwa mafunso oyeserera, ngati pali mphunzitsi woyankha mafunso anu, ndi zimene zimachitika mukafuna kusuntha tsiku la mayeso.

Makosi ena anawamanga ngati digiri ya LLM, ya masters ya zamalamulo, dala, kuti ophunzira athe kutenga ngongole ya boma ya Master's Loan, imene ku England imaposa £12,000. Muyenera kukhala osakwana zaka 60, opanda digiri ina ya masters, ndipo kawirikawiri okhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Ndalamayo ndi ngongole, idzadulidwa pa malipiro anu. Law Society ili ndi thandizo la Diversity Access Scheme, opempha ndi ambiri koma yesani. Ngati mwalowa kale m'dipatimenti ya zamalamulo, funsani abwana ngati angalipireko. Za apprenticeship ya solicitor, njira yophunzira uli pantchito yolipidwa, imene kale inkathandiza akuluakulu, boma linalengeza kuti kuyambira January 2026 thandizo lake la Level 7, mlingo umene apprenticeship imeneyi ili, ku England lizipita makamaka kwa osakwana zaka 22, ndiye musaidalire. Chipereganyu chathu chija chimakwanira bwino fizi ya mayeso mukapempha kuti mwezi wanu ugwe nthawi yolembetsa. Katapila yekha musayandikire, chifukwa ngongole ikakafika kukhoti mwabwerera ku gawo 3.

6. SQE1

Mayesowa amayendetsa ndi a Kaplan m'malo mwa SRA, ndipo amalembedwa pa kompyuta m'malo a Pearson VUE, mu January ndi mu July. Pali mapepala awiri, FLK1 ndi FLK2. Monga akhala akulembedwera kuyambira 2021, lililonse lili ndi mafunso 180, m'zigawo ziwiri za mafunso 90 pa mphindi 153. Ndiye kuti funso lililonse lili ndi mphindi imodzi ndi masekondi 42, mulibe buku, ndipo funsolo ndi kankhani koti muwerenge kaye. FLK1 ili ndi za bizinesi, milandu ya pakati pa anthu, mapangano, kulakwirana, dongosolo la makhoti ndi malamulo oyendetsera dziko. FLK2 ili ndi za malo ndi nyumba, ma wilo ndi chuma chamasiye, ma trust, milandu ya upandu, ndi akaunti za ndalama za makasitomala. Za khalidwe la loya zimabisala paliponse. Onani tsamba la SQE musanalembetse, chifukwa amasintha tina ndi tina.

Musapeputse poti ndi mayeso osankha yankho. Mayankho ndi asanu, angapo amaoneka olondola, ndipo akufuna loposa onse. Pa mayeso oyamba a November 2021 anakhoza ndi anthu 53 pa 100 alionse, ndipo kuyambira apo chiwerengerochi chakhala chikuzungulira theka. Ziwerengero za SRA yomwe zimasonyeza kuti anthu akuda akukhoza ochepa poyerekeza ndi azungu, mpaka inapempha University of Exeter kuti ifufuze. Sindikunena izi kuti ndikufooketseni. Ndikufuna mulowe mutakonzeka kuposa mmene mukuganizira kuti n'zokwanira.

Ife tinaleredwa pa kuloweza manotsi ndi kulemba nkhani zazitali. Apa sizithandiza. Mayina a milandu yakale safunsa kawirikawiri, amafuna muone vuto la kasitomala n'kudziwa lamulo logwira pamenepo. Yambani mafunso oyeserera mwezi woyamba, ndipo lililonse limene mwalakwa mufufuze chifukwa chake. SRA ili ndi mafunso achitsanzo aulere. Masamu a msonkho wa chuma chamasiye ndi akaunti musawathawe, ndi malikisi osavuta kutola mukazolowera.

Wa mashifiti, ine ndimati apeze maola 12 mpaka 15 pa sabata kwa chaka chathunthu ngati sanaphunzirepo zamalamulo. Ola limodzi m'mawa mutu uli bwino limaposa atatu mutaweruka shifiti ya maola 12. Sungani masiku a tchuthi kuti masabata awiri omaliza mukhale kunyumba, ngakhale zitanthauze kusapita kumudzi chaka chimenecho.

Muli ndi mwayi wolemba mayeso aliwonse katatu, ndipo SQE1 ndi SQE2 muyenera kumaliza mkati mwa zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera tsiku limene munalemba koyamba. Mukalephera pepala limodzi mumabwereza lomwelo. Ngati mayeso oyeserera sakutuluka bwino, sunthani tsiku nthawi ikadalipo, kusiyana ndi kuwotcha mwayi umodzi pongofuna kuona mmene amakhalira. Malo olembera amadzaza msanga, ndiye malizani zolembetsa zonse tsiku lotsegulira lisanafike.

7. SQE2

Simungalembe SQE2 musanakhoze SQE1. Ili ndi zigawo 16, zinayi zapakamwa ndi 12 zolemba pa kompyuta, ndipo imachitika kanayi pa chaka. Zapakamwa zimachitikira m'mizinda yochepa monga London, Cardiff, Manchester ndi Birmingham. Amakuyesani kufunsa kasitomala, amene amakhala wochita sewero, kulankhula pamaso pa jaji, kufufuza lamulo, kulemba kalata ndi kukonza zikalata. Theka la malikisi ndi la luso, theka ndi la lamulo lenilenilo, ndiye zimene munawerenga pa SQE1 zisazizire. Mukalephera mumabwereza zonse 16.

Apa munthu wamkulu ali ndi mwayi. Amene wauzapo banja uthenga wovuta m'chipatala sanjenjemera pamaso pa kasitomala wokwiya. Koma ulemu wathu umatidyera nthawi. Timazungulira tisanafike pa nkhani ya ndalama kapena ya imfa, ndipo timayang'ana pansi polankhula ndi wamkulu. Kufunsa kasitomala kuli ndi mphindi 25 zokha. Yesererani ndi mnzanu kufunsa molunjika kuti malemu anasiya ndalama zingati, ana ndi angati, alipo wa kunja kwa banja. Zolowerani kutaipa msanga. Dziwaninso kaitanidwe ka kuno: district judge, kuyambira December 2022, amangoitanidwa kuti Judge, osati zimene tinazolowera kumva m'makhoti a kwathu.

Ngati mungathe, lembani SQE2 mutagwirako ntchito ya QWE kwa miyezi ingapo. Zotsatira zimatenga miyezi itatu kapena inayi.

8. Kulowa m'kaundula ndi zotsatira zake

Zinayi zija zikakwana, mumachita kafukufuku wa DBS, woona ngati muli ndi milandu ya kupolisi, kudzera pa mySRA, n'kupempha kulowa m'kaundula wa ma solicitor. Kuti mugwire ntchito mumafunikanso satifiketi yokulolani kugwira ntchito ya uloya, practising certificate, imene imakonzedwanso chaka ndi chaka ndipo kawirikawiri amalipira ndi abwana. Yambani kufufuza ntchito ya NQ, kutanthauza solicitor watsopano, miyezi ingapo zotsatira zisanatuluke, ndipo kambiranani ndi kumene muli ngati angakukwezeni, chifukwa kukhoza sikuwakakamiza kutero. Konzekeraninso kulamulidwa ndi munthu wa msinkhu wa mwana wanu woyamba. Amene mukulota zotsegula ofesi yanuyanu, SRA imafuna zaka zitatu za ntchito mutavomerezedwa musanaime panokha pa ntchito zosungidwira maloya, monga kuyendetsa milandu kukhoti.

Ambiri amamaliza ndi funso lakuti, nanga ndikadzabwerera kumudzi? Satifiketi ya SRA payokha siikupatsani ufulu woimira munthu pa khoti ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. Kumeneko zimayendera lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act, ndipo kuli Malawi Institute of Legal Education ndi Malawi Law Society. Ngati cholinga chanu ndi kukapumira kumudzi muli loya, alembereni musanasankhe kosi. Afunseni zimene amafuna kwa munthu wophunzira kunja, makamaka ngati amalandira solicitor amene digiri yake si ya zamalamulo. Akati ayi, ndiye kuti pa gawo 5 mufunika kosi yokupatsani digiri ya zamalamulo imene iwo amaivomereza, ndipo yankho lawolo mulisunge lolembedwa.